Lalitali Kapena Lalifupi

Envelopu ija inafika Lachiwiri, ndipo isanafike kwa mwini wake, Marlys Tollefson, inali itadutsa kale m'manja mwa mlamu wake Rhonda. Nanga Rhonda si ndiye kalaliki wa pasukulupo? Kalata iliyonse imayamba yagona kaye pa tebulo lake, ndipo mkazi ameneyo zala zake zimadziwa kumatanso envelopu kuposa a ku positi. Anaibweretsa yekha m'chipinda choimbira, ataigwira ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka, n'kuiika pa piyano.

"Alamu, katundu wanu. Sindinatsegule."

Munthu amene sanatsegule sanena choncho.

Marlys ankaphunzitsa nyimbo, ndipo chaka chilichonse chipale chofewa chikamasungunuka ankachititsa sewero loimba m'holo ya sukulu. Masewero amenewa sangotola. Ali ndi eni ake, kampani ina ya kumzinda waukulu kum'mawa uko, yomwe imakubwereka mabuku ochita kuwerenga, iwe n'kusainira kuti susintha kanthu. Liwu limodzi ayi. Kutsitsa nyimbo kapena kuikweza ayi. Kudumpha tsamba ndiye usayerekeze. Ukasintha iwo n'kumva, amatseka sewero lako ngakhale anthu atakhala kale pamipando, ndipo sukulu yako sadzaibwerekanso. Chaka chimenecho Marlys anafunsa nthano ya kuchitsime, kampani n'kutumiza mabuku awiri oti aone, pamodzi ndi fomu ya timabokosi tiwiri. Achonge kamodzi, abweze pofika Lachisanu la sabata yotsatira.

Lalifupi linali la ola limodzi. Mtsikana mmodzi athamangitsa tsekwe, aterereka, agwera yekha m'chitsime, pansipo apeza mudzi wa achule oimba, abwerako ndi mwana wa mfumu. Anthu aseka, apita kwawo khofi asanazizire.

Lalitali linali la maola awiri ndi theka, ndipo tsekwe munalibe. Munali atsikana awiri apachibale. Patsamba 47 wamkulu amaimba nyimbo yaitali yoziziritsa nkhongono, mng'ono wake ataima pakamwa pa chitsime atamufulatira. Nyimbo ikatha panalembedwa kamzere kamodzi kokha: Amukankhira m'chitsime.

Tsono pasukulu yonseyo atsikana otha kuimba zenizeni analipo awiri basi. Woyamba Joelle, mwana wa Marlys yemweyo, wa zaka khumi ndi zinayi, wowonda ngati bango, mawu okwera. Wachiwiri Kendra, mwana wa Rhonda ndi Duane mchimwene wake wa Marlys, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mapewa a bambo ake, mawu okhuthala ochokera pansi pa mimba. Asuweni enieni. M'lalifupi malo analimo a mawu okwera okha. Lalitali linali ngati telala anachita kuwayeza onse awiri.

Nanga chovuta chinali pati? Chinali ku shedi ya udzu ya Duane. Zaka ziwiri m'mbuyomo, pa phwando la tsiku lobadwa la Kendra, Joelle anaimba kanyimbo, alendo n'kumuwombera m'manja nthawi yaitali kuposa mwini phwando. Lisanathe ola Joelle anapezeka ali thapsa pa simenti pansi pa shedi, mkono utathyoka pawiri, Kendra akusuzumira kuchokera pamwamba posungira udzu. Onse awiri anati anaterereka. Joelle anavala chikhakha miyezi iwiri, ndipo kuchokera pamenepo akamva Kendra akubwera kumbuyo kwake amasuntha n'kutsamira khoma. Marlys ankaziona zimenezo. Koma munthu wodya naye Lamlungu lililonse ungamuuze bwanji zotere za mwana wake? Khoswe anali atakhala pamkhate.

Lamlungu limenelo, atatuluka m'tchalitchi, anakadya kwa Duane monga mwa nthawi zonse. Nyama ya ng'ombe yootcha, mbatatesi zosinja, chitumbuwa cha maapulo chikudikira pa zenera. Rhonda anapirira mpaka pemphero litatha, basi.

"Ndiye mwachonga kale, alamu?"

"Kuchonga chiyani? Paja simunatsegule."

Duane anatsamwa, n'kuyamba kufunafuna mchere womwe unali pamphuno pake.

"Mapepala a masiku ano ndi opyapyala, amaonekera," anatero Rhonda, manyazi ngakhale a m'diso limodzi alibe. "Ine ndingoti, Kendra chaka chake chomaliza n'chino. Zaka zitatu zonsezi mwamuveka chiyani? Mtengo. Mayi wogulitsa mazira. Chaka chatha munamuveka ndevu."

"Panalibe mnyamata wofika mawu amenewo."

"Ndevu, Duane! Mwana wako wamkazi! Ndipo chaka chino a ku koleji ya zoimba akubwera kudzamuonera. Adzaone chiyani? Chule wachitatu kuchokera kumanzere?"

"Lalitali muli zoopsa," anatero Marlys. "Kumabwera ana aang'ono."

"Ana ake ati? Omwe amathandiza abambo awo kusenda agwape m'galaja aja? Tinameni bwino, alamu."

"Ndikhoza kutenga lalitali, pokankhapo n'kuchotsa. Mtsikanayo agwe yekha."

"Simungathe. Ndime yachisanu ndi chimodzi. Palibe kuchotsa, kuwonjezera kapena kusintha zochita za osewera popanda chilolezo cholembedwa."

"Ndi opyapyaladi mapepalawo," anatero Marlys. "Mpaka ndime yachisanu ndi chimodzi?"

Duane ndi munthu woti akazi akakangana amathawira ku matabwa. Anaika foloko pansi n'kuyamba kujambula m'malere ndi manja ake aakuluwo. "Chemwali, usavutike mtima. Chitsimecho ndimanga ine. Cholimba, makwerero mbali iyi, matiresi a m'chipinda cha masewera pansi kuseri. Angagwerepo ngakhale abusa, adzuka akuseka."

Kendra anapukuta pakamwa bwinobwino, n'kupinda kansaluko panayi.

"Ine ndingamusamale, azakhali. Joelle ndi wopepuka." Anatembenuka akumwetulira. "Si choncho, msuweni?"

"Eya," anatero Joelle, maso ali m'mbale. Nyama yake anali ataidula tizidutswa ting'onoting'ono, osadyako n'kamodzi komwe.

"Mwaona?" anatero Rhonda. "Ana awa amakondana. Akulufe ndi amene timafesa zinthu. Mwina mukanakhala ndi mwamuna m'nyumba bwenzi muli ndi zina zoganiza, m'malo moopa matiresi."

"Wanga anathawa poyera, alamu, tauni yonse ikuona. Wanu amangobisala m'shedi."

Chitumbuwa chija anachidya mafoloko okha akulira.

Lachiwiri ana ataweruka, Marlys anaitana atsikana awiriwo kuholo, kuti aone ndi maso ake. Anakokera tebulo pakati pa siteji, kuti likhale ngati chitsime, pambali pake n'kuyala matiresi amodzi abuluu a m'chipinda cha masewera. Joelle anakwera patebulo n'kufulatira. Marlys anatsikira ku piyano, pansi pa siteji, n'kuyamba kuliza.

Ndipo mwana uja anaimba. Kunena zoona osakondera, Kendra anaimba moti Marlys tsitsi linamuima. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akuphunzitsa m'holo imeneyo, mawu otero anali asanawamvepo. Bukulo limati wamkulu azungulire chitsime katatu asanakwere, ndiye Kendra ankayenda pang'onopang'ono, maso ali pamsana pa msuweni wake. Ulendo woyamba phazi lake linakhudza ngodya ya matiresi, matiresi n'kusuntha pang'ono, ngati chikhatho chimodzi. Zimachitika. Ulendo wachiwiri phazi lomwelo, ngodya yomweyo, chikhatho chinanso. Pakati pa tebulo ndi matiresi panayamba kuoneka thabwa la pansi, lakuda, lowala polishi.

Marlys anachotsa manja pa piyano. M'holo munangoti zii, kupatula mapaipi otenthetsera akugogoda kukhoma.

"Matiresi asuntha."

Kendra anayang'ana pansi ngati wadzidzimuka. "Ayi ine! Pepani azakhali, sindinaone." Anawerama n'kuwabwezera pamalo pake, mpaka kuwasisita. "Tiyambirenso?"

"Zakwana lero."

Joelle anali asanatembenuke. Anaimabe pomwepo, mapewa atakwera mpaka m'makutu, kudikira.

M'mawa mwake, nthawi ya chakudya chamasana, Marlys anayenda m'chisanu mpaka pomwetsera mafuta galimoto, kukaimba foni ya m'kanyumba ka magalasi. Ya kusukulu imadutsa pa tebulo la Rhonda, ndipo Rhonda akamamvetsera amapuma ngati ng'ombe. Kukampani kuja anayankha mtsikana wa mawu ozuna ngati uchi.

"Pepani mayi, pamenepo olemba sewerolo salola. Amati kukankhako ndiye mtima wa nkhani yonse."

"Nanga nditatenga lalitali, n'kubwereka tsamba limodzi lokha la lalifupi? La tsekwe lija?"

"Kusakaniza ndiye koletsedwa kwambiri."

"Chabwino. Wamng'ono akhale wokankha, wamkulu wogwa. Ndingosintha nyimbozo kuti zigwirizane ndi mawu awo."

"Nyimbo ziimbidwe monga zinalembedwera, mayi. Mukhoza kutilembera kalata, amayankha pakatha masabata asanu ndi limodzi. Koma ndisakunamizeni, zaka zinayi ndili pano sindinaonepo eya. Masukulu ambiri amangoika matiresi. Sizivuta n'komwe."

Marlys anayang'ana msewu wopanda munthu, chipale chikuwoloka ngati utsi. "Ndipo wina atasintha mwakachetechete, kuno kumapeto kwa dziko, mungadziwe bwanji?"

Mtsikana uja anaseka pang'ono. "Timamva ndithu. Nthawi zambiri amatiimbira ndi achibale a ana omwewo."

Lachinayi Marlys anatenga pensulo n'kuchonga kabokosi ka lalifupi. Rhonda alalate mpaka mano agwe, Lamlungu azidya okha nyama yawo youmayo. Anaika fomu m'chikwama, mtima uli myaa koyamba sabata yonseyo, ndipo poweruka anauza mwana wake ali m'galimoto. Inali folo koloko, dzuwa litafiira kale pamwamba pa minda yoyera mbuu.

"Ndasankha lalifupi. Ukagwa wekha, iwe ndi tsekwe wako."

Joelle anayankha atadutsa njanji.

"Musatero, amayi."

"Amake Kendra alalata sabata imodzi, kenako atopa."

"Si za iwowo."

Marlys anakhotetsa galimoto n'kuiimika pafupi ndi nkhokwe zazitali za tirigu, injini osazimitsa.

"Joelle, ku shedi kuja unaterereka?"

"Ndinati ndinaterereka."

"Sindikufunsa zomwe unati."

Mwana uja anapumira pagalasi la zenera, n'kufufuta nthunziyo ndi mkono wa jekete. "Anati tikwere tikaone ana a mphaka. Kunalibe ana a mphaka."

Chinthu ukhoza kuchidziwa zaka ziwiri, koma tsiku lochimva ndi khutu chimabaya ngati chatsopano.

"Ndiye basi. Lalifupi. Ndipo pompano ndikupita kwa amalume ako."

"Mukawauza chiyani? Ine ndemwe ndinauza adokotala kuti ndinaterereka. Ndi abusa omwe. Mukanena lero, mawa fomu ikupita, aliyense adzati mwapeka kuti ine ndikhale ndekha pasiteji."

Ndipo sankanama. Rhonda akanaiyendetsa nkhaniyo tauni yonse lisanalowe dzuwa, kuyambira kokonzetsa tsitsi mpaka kukwaya ya amayi.

"Amayi, tamverani," anatero Joelle, mawu ali phee ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula. "Mukasankha lalifupi, Kendra akhala chule. A ku koleji adzaona chule. Ndipo adzadziwa kuti n'chifukwa cha ine. Mpaka mu Juni tili sukulu imodzi. Masitepe a kumbuyo aja otsikira kosinthira zovala, sikukhala munthu. Pokwerera basi pamaterera. Inu mumakhala m'kalasi. Koma pasiteji pali matiresi, ndi anthu mazana atatu akuyang'ana."

"Ndiye lalitali, koma wogwayo akhale wina. Mwana wa a Bergquist."

"Mwana wa a Bergquist amaimba ngati chitseko cha galaja. Aliyense adzafunsa kuti mwandisiyiranji. Kendra yekha sadzafunsa. Adzadziwa kuti ndaulula."

"Nanga ufuna nditani, mwana iwe? Ndikupereke ndekha m'manja mwake, kuchita kusainira?"

"Akakondwa sandiona n'komwe. Mupatseni nyimbo yakeyo, amuwombere m'manja, apite ku koleji kwakeko. Ine ndidzaimba motsitsa pang'ono."

Mwana wa zaka khumi ndi zinayi, woti n'kuchapa masokosi ake satha, anali atayeza masitepe onse a pasukulupo yekhayekha, amake ali kalikiliki kuphunzitsa ana a eni ake kupuma bwino poimba. Thiraki ya tirigu inadutsa, galimoto yawo n'kugwedezeka. Anakhala pamenepo mpaka magalasi onse anachita nthunzi.

Lachisanu m'mawa anafufuta pensulo ija, n'kuchonga kabokosi kenako ndi bolopeni, mwamphamvu moti pepala linatsala pang'ono kubooka. Analowa mu ofesi n'kuponya envelopu pa tebulo la Rhonda ili yasa.

"Sindinamate, alamu. Ndati ndikupeputsireni ntchito."

Rhonda anasolola fomu, n'kuiwerenga kawiri, nkhope ikufufuma ngati mkate. "Mwaona nanga? Nzeru zimabwera ndithu, ngakhale mochedwa. Ine ndinamuuza Duane, ndinati mlongo wakoyu ndi wouma mutu koma si chitsiru."

"Zikomo. Mulembenso kuti chaka chino piyano aliza Mayi Lindahl a kutchalitchi."

"Mayi Lindahl? Ogontha khutu limodzi aja? Nanga inu? Zaka zonsezi mpando umenewo simunapatseko munthu, ngakhale chaka chomwe munali ndi chibayo."

"Ine ndizikhala kuseri kwa chitsime, nditavala zakuda. Ndizigwira matiresi."

Kumwetulira kwa Rhonda kunatsika pang'ono. "Bukulo silikunena za munthu kuseri kwa chitsime."

"Silikuletsanso. Ndawerenga ndime zonse khumi ndi ziwiri. Imbani foni mufunse, nambala yake mukuidziwa kale."

"Mukutanthauza chiyani, Marlys? Matiresi amafuna wogwira? Akuthawa?"

"Ena amayenda okha, alamu. Matani envelopuyo, positi imanyamuka teni."

Mabuku anafika patapita masabata awiri, bokosi lathunthu, lililonse ndi nambala yake. Loweruka lotsatira Duane anabwera kuholo ndi matabwa pa thiraki yake, akuimba mluzu, wokondwa kuti akazi a m'banja lake ayambanso kupatsirana mchere. Marlys anali atakhala pansi ndi kalendala. Masabata khumi okonzekera, tsamba 47 kawiri kapena katatu pa sabata, tsiku lililonse kubwereza mwina kanayi, kuphatikiza masiku anayi a sewero lenilenilo. Atadutsa makumi asanu ndi atatu anasiya kuwerenga.

Pofika masana chitsime chinali chitaima pakati pa siteji, cha matabwa oyera onunkhira utomoni, chofika pachifuwa pa Duane. Kendra ndi amene ankagwirira bambo ake tepi yoyezera. Anatsika n'kupita kumpando wakumbuyo kwenikweni kwa holo, n'kupendeketsa mutu.

"Adadi, a kuno saona bwino. Onjezani pang'ono."

"Chakwana chomwecho," anatero Marlys.

"Bukulo likuti chitsime chachitali, chemwali," anatero Duane akukanda m'mutu. "Paja amati tisasinthe kanthu. Thabwa limodzi lokha, silipha munthu."

Anakhoma thabwa lija. Hamala inkamveka m'holo yopanda anthuyo ngati wina akugogoda kunja.

Atamaliza, Duane anatuluka kukatenga penti ku thiraki. Kendra anakwera makwerero n'kukhala pakamwa pa chitsime, miyendo ili lendelende, akuyang'ana pansi kuseri komwe Marlys ankakoka matiresi awiri kuti asanjikizane.

"Ndiye inu muzikhala pomwepo, azakhali?"

"Pomwe pano."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse."

"Nanga tsiku lomwe mwadwala?"

"Sindidwala."

Kendra anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa nthawi yomwe sitolo imatsekedwa. "Chabwino," anatero. Kenako anakweza mawu, okoma aja. "Joelle! Tabwera udzaone kuno, msuweni. Holo yonse ikuoneka."

Joelle anaika buku lake pampando n'kuyenda kupita ku makwerero. Sanayang'ane amake. Marlys anagwada pa thabwa lozizira, n'kulowetsa manja onse awiri m'zogwirira za matiresi, n'kumamvetsera mapazi a mwana wake akukwera, limodzi limodzi.